Khoma Nalo Limakodza

Uthenga unawapeza a Njereza Lolemba m'mawa ali pakati pa bwalo, akukankha kawilibala kawo kolembera mizere. Manijala wa sitediyamu sanadikire n'komwe kuti mzerewo ufike kumapeto. Anangodula pa kapinga ndi nsapato zake zosongoka zija, chinthu chimene a Njereza sankalola munthu aliyense, n'kudzaima kutsogolo kwa wilibala.

"Lachinayi kubwera injiniya kudzayeza Chipewa," anatero manijalayo. "Akapeza kuti n'cholimba, chikhala. Akapeza kuti chatha, akuti chigwetsedwe mvula isanayambe. Ndiye inu madala, poti mumachidziwa, mudzamuyendetse."

"Chigwetsedwe?"

"Si ine ndanena. Ndi kalata."

Anatembenuka kubwerera ku ofesi, naponda mzere wosauma, mapazi oyera n'kumatsalira pa kapinga. Likanakhala tsiku lina a Njereza akanalalata mpaka nkhunda za padenga kubalalika. Koma tsiku limeneli anangoti kakasi, maso ali kumadzulo kwa bwalo kumene kunali Chipewa. Anachita mantha, mantha enieni.

Chipewa ndi dzina limene anthu a mumzindawo anapatsa sitandi yakale, yoyamba kumangidwa pabwalopo. Denga lake la konkire linkatulukira kutsogolo ngati mlomo wa kapusi, popanda mzati ngakhale umodzi wolichirikiza, moti munthu wokhala pamzere wapamwamba ankaona mpira wonse osapendeketsa khosi. Alendo akafika ankayamba ayang'ana m'mwamba kufunafuna chimene chaligwira, amantha n'kusamuka kukakhala padzuwa. Masitandi ena atatu anabwera pambuyo pake, a zitsulo ndi malata, ndipo a Njereza ankawatcha makola a nkhuku.

Dzina lawo lenileni linkadziwika ndi mafayilo a ku ofesi okha. Zaka makumi anayi zolemba mizere zinawasiyira njereza m'zikhadabo, m'nsidze, mpaka m'dzina. M'mbali mwa kanjira kotulukira osewera, kunsi kwa Chipewa, munali zipinda ziwiri zimene kale ankasungiramo maukonde ndi mbendera za m'makona. M'menemo ndi mmene ankakhala ndi akazi awo. Ana awo atatu anakulira momwemo asanabalalikire m'matauni ena, ndipo zigoli ankazimvera padenga: mapazi akagunda pamwamba mpaka makapu kugwedezeka pa shelefu, ndiye kuti athu achinya.

Koma ubale wawo ndi Chipewa unayamba iwo asanagwire wilibala. Malemu bambo awo anali m'gulu la amisiri amene anachimanga, mzinda udakali ndi msewu umodzi wa tala. Pamalopo panali dambo la achule. Anthu anakumba pakati ndi mapiki ndi mafosholo kuti pakhale posewerera, dothi lonselo n'kuliunjika kumadzulo ngati chulu chachitali. Masitepe okhalapo anthu anawagoneka pachulucho. Kumbuyo kwake anamanga khoma lalikulu logwira dothi, ndipo m'khoma momwemo anazikamo mizu ya denga, zitsulo zonenepa ngati mkono wa munthu.

Mkuluyo ankamufotokozera mwana wake zonsezi, koma anali ndi vuto limodzi: sankatha kunena chinthu popanda nthabwala. Ankati konkire ya Chipewa anaikanda ndi thukuta chifukwa madzi anali kutali. Ankati dengalo limaima chifukwa choopa kapitawo, amene anamwalira kalekale koma palibe analiuza. Kumunsi kwa khoma lakumbuyo kunali mabowo ozungulira, otakata ngati kukamwa kwa kapu, ondandalikana kuchokera uku mpaka uko. Mwana atafunsa kuti ndi a chiyani, mkuluyo anayankha nkhope ili gwa: "Awa ndi mokodzera. Khoma nalo limakodza, mwana wanga." Mwanayo anaseka mpaka kugwira nthiti, mawuwo n'kuwaponya m'thumba limodzi ndi za thukuta ndi za kapitawo.

Mabowo omwewo ndi amene anadzawapatsa a Njereza ulemu wawo waukulu. Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo mavu anamangamo. Tsiku la ndime yomaliza ya chikho, anthu ali pamzere wolowera motsatira khomalo, wina wa manja oyabwa anapisa kamtengo m'bowo limodzi. Zimene zinachitika anthu amazikambabe mpaka lero: azibambo a masuti kuliyatsa liwiro kuposa osewera, mlendo wolemekezeka kupereka chikho diso limodzi litatsekeka. Manijala wa nthawi imeneyo anati mabowowo angofukizidwa utsi. A Njereza anaona kuti utsi ndi ntchito ya alesi, mavu abwereranso. Anatenga chipande chomangira cha bambo awo, amene anali atamwalira chaka chapitacho, anakanda simenti yamphamvu, n'kutseka mabowo onse makumi asanu ndi limodzi kudza anayi. Anagwira masiku atatu popanda wowatuma. Anasalaza, anapaka penti, khoma linangoti see. Manijalayo anawapatsa satifiketi pamaso pa anthu, ndipo inkalendewera pamwamba pa bedi lawo m'felemu ya galasi.

Masana a Lolembalo anawauza akazi awo za kalata. Mayiwo anali pakhomo akusoka ukonde wa golo umene makoswe anaulawa.

"Ndiye ife tilowera kuti?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Palibe kolowera. Chipewa sichingagwe."

"Inu bambo, nanga chinyontho chija cha kuchipinda? Chaka chonse khoma lili nyowenyowe, ndi m'chilimwe momwe. Sutikesi yanga inachita nkhungu, ine kunena, inu ziii."

"Ndi thukuta la konkire limenelo."

"Mwayamba kuyankhula ngati malemu apongozi."

A Njereza anatenga chipande ndi chitini cha penti. Lachiwiri ndi Lachitatu anakhalira kumata ming'alu, kupaka penti pamene panadetsedwa ndi dzimbiri, kukolopa zitosi za nkhunda pamasitepe. Zinali ngati munthu amene akusambitsa kholo lake lodwala ndi kuliveka jekete kuti adokotala asaone kuti lafooka. Iwo ankadziwa kuti ndi zimene akuchita, koma china choti achite panalibe.

Ankayembekezera bambo wa mimba yake, wonyamula chikwama. M'malo mwake Lachinayi m'galimoto munatsika mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo womaliza, atavala jombo ndi chisoti chachikasu, kahamala m'thumba, pepala lalikulu lopindidwa kukhwapa. Anawapatsa moni ndi manja awiri. Kenako analowa pansi pa dengalo, nayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, chisoti chili m'manja.

"Eee," anatero. "Koma anthu ankamanga!"

Basi, a Njereza anamukonda pomwepo.

Anamuonetsa zonse. Anamuonetsa zipata zozungulira zachitsulo zimene zinkalira kuti kete munthu mmodzi akalowa, ndipo zinali zisanafepo. Anamuonetsa wotchi yaikulu imene inaima pa teni tu faifi chaka chimene chiphaliwali chinaomba mtengo wa magetsi. Anamuonetsa bolodi la zigoli, lokolekapo manambala ndi manja, limene nambala seveni yake inali idakali yatsopano chifukwa inangogwira ntchito kawiri. Pa sitepe ya khumi ndi ziwiri anamuonetsa mapazi a galu amene anadutsa konkire isanaume.

"Bambo anga ankati galuyo ndiye anali woyamba kulowa wopanda tikiti."

Injiniyayo anaseka. "Bambo anu anamanga nawo?"

"Kuyambira pa maziko mpaka kudenga."

"Ndiye anali amisiri enieni. Kusukulu tinkaphunzira za madenga otere, koma ambiri anagwetsedwa. Ine sindinabwere kudzagwetsa, bambo. Ndikufuna ndipeze chifukwa choti chikhale."

Atatero anatulutsa kahamala kaja n'kuyamba kugogoda. Pamene konkire inali yamoyo, hamala inkalira kuti ngwee. Masitepe akumunsi onse anayankha choncho, ndipo a Njereza ankagwedeza mutu ngati akuyamikiridwa ndi iwo. Koma m'mene ankakwera, kuyandikira pamene denga limakumana ndi khoma, kulira kuja kunasintha. Phu. Phu. Ngati munthu akugogoda dzungu loola. Mtsikanayo anasiya kucheza. Pamalo ena pamene penti inali ikununkhabe, anapisa nsonga ya hamala n'kukanula pang'ono. Chibenthu chachikulu chinagwa. M'kati munaoneka chitsulo chija, muzu wa denga, chitatupa, chitafiira, chikusendeka ngati khungwa. Anachigwira ndi zala ziwiri, zinyenyeswa n'kumayoyoka.

Sanawafunse za pentiyo. Bola akanawafunsa.

"Madziwa akuchokera kuti?" anadzifunsa yekha. "Denga silikudontha. Tiyeni kumbuyo."

Anazungulira kunja kwa sitediyamu, manijala n'kuwatsatira, foni ili kukhutu. Khoma lakumbuyo linaima pamenepo lalitali, losalala, loyera. A Njereza anaongoka pang'ono, poti apa ndiye panali ponyadira pawo. Injiniya anatambasula pepala lake pa wilibala imene inali pafupi. Linali pulani yakale ya omanga, yachikasu ndi ukalamba, yong'ambika m'mapindiro. Anayendetsa chala papepalapo, nayang'ana khoma, nayang'ananso pepala.

"Pulaniyi ikuti kumunsi kuno kuli mabowo. Sikisite folo. Ali kuti?"

A Njereza anatsegula pakamwa kuti ayambe nkhani ya mavu, nkhani imene anali ataikamba kambirimbiri ndipo nthawi zonse anthu ankaseka. Koma nkhope ya mtsikanayo inawaletsa.

"Ndi a ntchito yanji mabowowo, mayi?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Kuseri kwa khomali kuli dothi lokhalokha. Mvula ikagwa pamasitepe imalowa m'dothimo. Ndipo mwati pano panali dambo, ndiye madzi ena amachokera pansi. Onsewo amayenera kutulukira m'mabowo amenewa. Akasowa potulukira amangodzaza m'katimo, chaka ndi chaka, kumakwera, kumadya zitsulo. Omanga anaziganizira bwinobwino. Kungoti khoma lotere liyenera..." Anafunafuna mawu.

"Kukodza," anatero a Njereza.

Manijala anaphulika nako kuseka. Injiniya sanaseke.

"Ee," anatero. "Ndi momwemo ndithu."

A Njereza anamva ngati pansi pachoka. Mawu a bambo awo anabwera onse, ndi kamvekedwe kake, ndi nkhope ija ya gwa. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mkuluyo ankalimbitsa nkhope kuti nthabwala ikome. Mwa nthabwala zake zonse, imodzi yokha ndi imene sinali nthabwala, ndipo mwana wake anaiseka kuposa zonse.

Mtsikanayo anagwada n'kumasisita khoma ndi chikhato mpaka anapeza pamene simenti inasiyana mtundu pansi pa penti, kabwalo kozungulira.

"Muli ndi tchizulo, bambo? Titsegule limodzi tione."

A Njereza anakatenga tchizulo ndi hamala yaikulu. Anagwada pamene anagwada zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, n'kuyamba kugogoda. Simentiyo inakana. Thukuta linawatsika m'khosi, tchizulo chikungodumpha.

"Amene anatseka apa simenti ankaidziwa," anatero injiniya.

Anamenya kachikhumi, kachikhumi ndi chisanu. Kenako tchizulo chinangolowa chokha, ndipo madzi anatumphuka. Anali ofiirira, onunkha chitsulo ndi matope, amphamvu ngati a pampopi wothyoka. Anawamenya a Njereza pachifuwa n'kuyenderera mpaka mumsewu. Manijala analumphira kumbuyo kupulumutsa nsapato zake. Anadikira kuti madziwo aleke, koma sanaleke.

"Koma abale!" anakuwa manijala. Iyeyu anabwera pabwalopo zaka zinayi zokha zapitazo, za mavu sankazidziwa. "Ndi chitsiru chanji chinachita zimenezi?"

A Njereza anaika hamala pansi.

"Ndine, bwana."

Manijala anayang'ana foni yake ngati yaitana.

"Kunali mavu," anatero a Njereza. Mawuwo anamveka aang'ono, opanda pake, moti anachita nawo manyazi. Anatembenukira kwa mtsikanayo akadali chogwada, malaya ali chonyowa. "Mwana wanga, nditsegula onse. Lero lomwe ndiyamba. Madzi atuluka, chiuma, chikhala bwino. Si choncho?"

Injiniya anapinda pulani ija pang'onopang'ono, motsatira mapindiro ake akale.

"Madzi atuluka, bambo. Koma chitsulo chimene chadyeka sichibwerera."

"Nanga kuika mizati? Tichirikize dengalo. Chinyansa, inde, koma chikhala."

"Mizati iima pa chiyani? Pansi ponsepa ndi phala. Zikanakhala zaka khumi zapitazo, mwina tikanayesa."

"Ndiye mulembe kuti wolakwa ndine. Andichotse ntchito, andimange kaya. Chipewa sichinalakwe kanthu. Anachimanga bwino, mwanena nokha."

"Anachimanga bwino kwambiri. Chikanatha zaka zina makumi asanu." Anaima kaye, ataona kuti mawu amenewa alasa m'malo motonthoza. "Pepani. Dzina lanu sindilemba paliponse. Ndingolemba kuti mabowo anatsekedwa. Koma sindingalembe kuti n'cholimba. Pansi pa denga ili pamakhala anthu zikwi zitatu, ndipo timu ikachinya onse amadumpha nthawi imodzi. Inu mukudziwa bwino kuposa ine."

Ankadziwadi. Makapu a pa shelefu ankawauza Loweruka lililonse.

Asanakwere galimoto, mtsikanayo analamula kuti Chipewa chitchingidwe ndi tepi, pasakhalenso munthu. Atamva kuti a Njereza amagona kunsi kwake, anagwira pakamwa, n'kunena kuti asamuke sabata isanathe. Manijala anati kuseri kwa limodzi la makola a nkhuku aja kuli kachipinda kosungiramo makina otchetchera kapinga, angayambe akhala m'menemo. Ananena mwaulemu, osawayang'ana kumaso. Aliyense anawachitira chifundo tsiku limenelo, ndipo chifundocho sichinasinthe kanthu.

Lachisanu m'mawa akazi awo anayamba kulongedza. Makapu anawakulunga m'manyuzipepala, sutikesi ya nkhungu ija anaiyanika padzuwa. Nkhani yonse anali ataimva, ndipo sananene kuti ndinkanena ine, ngakhale anali ndi ufulu wonse wonena. Atafika pa satifiketi ija anaima, dzanja lili m'mwamba.

"Iyi titani nayo?"

"Isiyeni pamsomali pomwepo."

A Njereza anatenga tchizulo ndi hamala n'kutuluka. Anayambira kumapeto kwa khoma, bowo loyamba. Mawondo ankawawa, mapewa ankawawa, ndipo simenti yawo ija inkawabwezera nkhonya iliyonse. Bowo lililonse likatseguka, madzi ankatumphuka, iwo n'kukhwekhwereza mawondo kupita pa lotsatira. Oyenda mumsewu ankaima kuonerera. Woyendetsa minibasi wina anakuwa kuti madala mwaboola paipi ya madzi, anthu n'kuseka. Dzuwa litafika pamutu anali atatsegula khumi ndi limodzi okha, ndipo m'manja munali matuza.

Akazi awo anabwera ndi madzi akumwa m'botolo. Anaima pambali, akuyang'ana mitsinje ing'onoing'ono yofiirira ikutsika m'khoma loyera lija.

"Bambo, mukudzivutitsiranji? Anena kale. Ngakhale mutsegule onse, achigwetsabe."

"Ndikudziwa."

"Nanga tsono?"

A Njereza anapukuta kumaso ndi mkono. Pa msinkhu wawowu ankaudziwa bwino ululu wa mkodzo wokana kutuluka. Anagonapo nawo m'chipatala masiku awiri, akulira ngati mwana. Masiku awiri okha.

"Zaka twente fili, mayi," anatero. "Chikutisunga ife, chikusunga ana athu, chili chigwirire. Chisapite chotero."

Mayiwo anaika botolo pansi, anakwinya chitenje, nagwada pambali pawo m'matopemo n'kuwalanda tchizulo.

"Ndigwirira ine. Inu muzimenya. Koma musandiphwanye zala."

Anamenya. Bowo la khumi ndi chiwiri linatseguka, madzi n'kuwathira onse awiri m'mawondo. A Njereza sanasunthe. Anatsamiritsa chikhato pakhomapo, pamene panali pozizira ngati mphumi ya wodwala amene malungo amusiya mochedwa.

"Kodzani, akuluakulu," ananong'ona. "Kodzani. Bambo anandiuza, ine ndinaseka."